Zidindo za kuseri kwa supuni zakale: siliva weniweni kapena wongokutira?

Moni nonse owonera. Patebulo pano ndaika supuni ziwiri zakale za ku Britain, zonse zowala mofanana komanso zokhala ndi tizidindo kuseri kwa chogwirira, koma imodzi ndi ya siliva thupi lonse pamene inayo anangoikuta siliva pamwamba. Ngati simunalembetse pa tchanelo chino, dinani batani lili m'munsimu tisanayambe.

Choyamba, pukutani kuseri kwa chogwirira ndi kansalu kofewa, kenako yang'anani ndi galasi lokuzira zinthu kapena kamera ya foni. Musakhule ndi mchenga kapena phulusa monga tichitira ndi mapoto, chifukwa mungafufute zidindozo.

Chachiwiri, funafunani mkango woyenda, utakweza dzanja limodzi lakutsogolo. Ku England chidindo chimenechi chinayamba mu 1544, ndipo chimatsimikiza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva. Pafupi pake pamakhala chidindo cha mzinda umene ofesi yoyeza siliva inayezera chiwiyacho: mutu wa nyalugwe ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield kufikira pamene chinalowedwa m'malo ndi duwa mu 1975. Pamakhalanso chilembo chimodzi cha chaka, ndipo mukaona mutu wa mfumu kapena mfumukazi, kawirikawiri chiwiyacho chinadindidwa pakati pa 1784 ndi 1890, nthawi imene siliva ankamulipirira msonkho.

Chachitatu ndi chimene chimandipweteka mtima, chifukwa ndachimva kwa ogulitsa kambirimbiri. Iwo amati supuni ikangokhala ndi zidindo zinayi kapena zisanu pamzere, ndiye kuti ndi siliva basi. Zimenezo n'zabodza. Kuchokera mu 1840, pamene a Elkington a ku Birmingham anatenga umwini wa njira yokutira siliva pogwiritsa ntchito magetsi, makampani ambiri anayamba kudinda zilembo zawo m'timabokosi tofanana kwambiri ndi zidindo zalamulo, ena mpaka kuikapo chisoti chachifumu, kuti wogula wosasamala aziona ngati wapeza siliva.

Taonani supuni iyi ndikuiyandikitsa ku kamera. Timabokosi tilipo tinayi, zilembo zake n'zopindikapindika mwachikale, koma mukaziwerenga mofatsa zikuti E, P, N, S, ndipo mkango palibe. Zilembo zimenezi zikutanthauza chitsulo chosakaniza kopa, nikelo ndi zinki chimene chakutidwa siliva ndi magetsi. Ngakhale dzina la chitsulo chamkaticho m'Chingelezi lili ndi mawu oti siliva, mulibemo siliva ngakhale pang'ono. Chidindo cha A1 nachonso chimasokoneza anthu, koma chimangonena kuti kampaniyo inkatenga zokutira zimenezo kukhala zapamwamba, ndipo palibe ofesi yoyeza imene inachitsimikiza. Yang'ananinso pamsana pa supuniyi, pamene imagunda patebulo: siliva anaperepeseka, ndipo pakuoneka kachitsulo kachikasu pang'ono. Ine ndinagulapo mafoloko asanu ndi limodzi otere pamtengo wa siliva ndisanadziwe zimenezi, n'chifukwa chake ndikulimbikira pamfundoyi. Maginito sangakupulumutseni, pakuti sagwira siliva komanso sagwira chitsulo chosakanizachi.

Ngati kwanu kuli ziwiya za agogo zolembedwa EPNS, lembani m'ndemanga, ndipo gawanani vidiyoyi ndi abale amene amagula zinthu zakale.

Chachinayi ndi chidindo cha mmisiri mwiniwake, chimene lamulo la ku England linayamba kuchifuna mu 1363. Kawirikawiri chimakhala zilembo zoyamba za dzina, monga HB wolembedwa mopendeketsa wa Hester Bateman, mayi wa ku London amene analembetsa chidindo chake mu 1761. Makampani ena ankaonjezera kachithunzi: Walker & Hall a ku Sheffield ankaika kambendera kosongoka, pamene James Dixon & Sons ankaika lipenga. Makampani awiriwa ankapanga ziwiya zasiliva weniweni komanso zongokutira, choncho dzina lokha silikuuzani za chitsulo. Amisiri osiyana ankathanso kukhala ndi zilembo zofanana, kotero muyambe mwapeza mzinda ndi chaka, kenako muyerekeze maonekedwe a zilembo ndi a kabokosi kake m'buku la zidindo.

Supuni yachiwiriyi ili ndi mkango, nangula ndi chilembo cha chaka, kutanthauza kuti ndi siliva woyezedwa ku Birmingham, ndipo m'vidiyo yotsatira tidzatsegula bukulo kuti tipeze chaka chake pamodzi.