Makalata a omvera: nyimbo zopanda dzina m'minibasi

Mwaswera bwanji nonse amene mwatchera khutu madzulo ano? Amene mukudikira minibasi pa Wenela, amene mukutseka mabenchi pa msika wa Tsoka, ndi inu amene mwangofika pakhomo n'kuvula nsapato, takulandirani. Sabata yatha tinakamba za oyimba odziyimira paokha, awa amene alibe kampani yowalipirira situdiyo kapena bwana wowakonzera shoo, ndipo makalata abwera ochuluka. Sindingawerenge onse. Monga mwa nthawi zonse, maina sinditchula, ndingonena dera.

Yoyamba yachokera ku Chilomoni, ndipo ikuti:

"Okondedwa aulutsi, ine ndimagwira ntchito mu shopu ina ku Limbe. Tsiku lililonse ndimakwera minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, moti nyimbo zambiri zimene ndimakonda ndinazimva koyamba ndili chopanikizika pa mpando wakumbuyo. Lachisanu lina mwezi watha tinakhalitsa pa Ginnery Corner, magalimoto atathinana. Anthu anali atatopa, ena akukangana ndi kondakitala za chenje. Ndiye mu sipikala munalowa nyimbo ya mtsikana, gitala imodzi yokha basi, akuyimba za lendi ndi za alandilodi ogogoda pachitseko m'mamawa. Minibasi yonse inangoti zii. Mayi wina amene anali ndi dengu la tomato pamiyendo anauza dalaivala kuti abwereze, ndipo anabwerezadi. Nditafunsa kuti woyimbayo ndani, kondakitala anati sakudziwa, memole anangokabenetsa kumsika. Ananditumizira pa Bluetooth, koma pa foni yanga yangolembedwa kuti Track 14. Ndafunsa anzanga, palibe akumudziwa. Funso langa ndi ili: bwanji nyimbo zoterezi sitizimva pa wailesi? Kodi n'zoona zimene anthu amanena kuti woyimba akapanda kupereka kangachepe kwa muulutsi, nyimbo yake siyiseweredwa?"

Achimwene a ku Chilomoni, kalata yanuyi ndayiwerenga katatu ndisanalowe mu situdiyo muno, ndipo chimene chandikhudza kwambiri ndi dzina lija la Track 14. Mtsikana ameneyo anakhala pansi n'kupeka, anasaka ndalama yojambulira, nyimbo yake yakhazika chete minibasi yodzaza anthu otopa, koma palibe angamuyitane ku shoo kapena kumuyamika, chifukwa dzina linagwera m'njira.

Achikulire akukumbuka mmene zinkakhalira nthawi ya makaseti. Woyimba akajambula, mwina ku Balaka kumene kunkatuluka nyimbo zambiri zaka za m'ma 1990, ankatenga kaseti yake kupita nayo kwa ofalitsa monga O.G. Issa ku Limbe. Oyimba ankadandaula ndithu kuti ndalama imene amalandira inali yochepa, zimenezo sitingabise. Koma kaseti inali ndi chikuto, pachikutopo pali nkhope ya munthu ndi dzina lake. Ngakhale ukagula ya m'mbali mwa msewu, unkadziwa kuti ukumvera ndani. Lero nyimbo ikuyenda kuchoka pa kompyuta ya wobena kumsika kupita mu memole, kuchoka mu memole kulowa mu foni, kenako pa WhatsApp, ndipo paliponse pamene yadutsa imasiyapo kena kake. Choyamba kutayika ndi dzina. N'chifukwa chake oyimba ambiri achinyamata amadzitchula okha kumayambiriro kwa nyimbo, ndi prodyusa naye amaikamo kamawu kake. Ena zimawanyansa, amati n'kudzitama. Ine sindiwadzudzula. Ndi chikuto cha kaseti chija, changosamukira m'kati mwa nyimbo.

Tsono za kangachepe. Sindikunamizani, mchitidwewo ulipo pa ntchito yathuyi, ndipo oyimba akhala akuudandaula kwa zaka. Ndi woipa. Umachititsa kuti wa thumba lolemera amveke kasanu pa tsiku, pamene mwana wa luso amene wangotsala ndi ya thiransipoti akubwerera ndi nyimbo yake m'thumba. Pa pologalamu ino palibe amalipira, ndipo wina akadzakuuzani kuti mupereke kena kake kuti nyimbo ifike kwa ine, mudzandilembere. Koma palinso vuto lina limene sitilitchula kawirikawiri, ndilo ulesi wathu aulutsife. N'kosavuta kuseweretsa nyimbo khumi zomwe zija zimene aliyense akuzidziwa kale kusiyana ndi kukhala pansi ola lathunthu kumvetsera za anthu osadziwika.

Taganizani za Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anayimba zaka zambiri m'misewu ya mu Lilongwe, wina ali pa babatoni, chingwe chimodzi chokha pa mtengo wautali, mnzake ali ndi gitala ya zingwe zinayi uku akuponda ng'oma ndi chidendene. Anthu ankawadutsa tsiku ndi tsiku, ena n'kuponya kandalama. M'chaka cha 2017 anakayimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako nyimbo zawo zinayamba kutulutsidwa ndi Bongo Joe, kampani yaing'ono ya ku Geneva, n'kuyamba kuyenda maulendo a ku Ulaya. Ambiri a ife tinayamba kuwatchula monyadira alendo atawaombera kale m'manja. Akaidi a ku ndende ya Zomba nawo anafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy mu 2016, ife eni dziko tikudzidzimuka nazo ngati nkhani yakunja. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa makutu tili nawo, ndipo anthuwa tinkakhala nawo pafupi.

Ndiye achimwene, nditumizireni Track 14 imeneyo pa nambala ya pologalamu. Ndidzayiseweretsa.

Kalata yachiwiri yachokera ku Kawale ku Lilongwe.

"Bambo aulutsi, ine ndine kalipentala, ndimakhoma mipando ku Mchesi, koma mtima wanga uli pa zoyimba. Ndinasunga ndalama miyezi inayi kuti ndijambule nyimbo ziwiri. Tsiku loyamba tili pakati pojambula magetsi anazima, tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Pamene timamaliza, mwini situdiyo anati mtengo wakwera chifukwa zinthu zadula. Ndinalipira, nyimbo zinatuluka, ndipo m'dera lathu zikumveka m'mabala ndi m'mashopu ometera. Anzanga akuti ndatchuka, koma kunena zoona sindinagwirepo ngakhale tambala. Ena akuti ndipite ku COSOMA, ena akuti ndiyike pa Spotify. Ndiyambire pati? Mayi a kunyumba ayamba kufunsa ngati ndalama ija sikanakhala bwino kugulira matabwa."

Mphwanga, poyamba landirani ulemu wanga. Kusunga ndalama miyezi inayi pa ntchito ya manja, masiku ano, si masewera. Ndipo funso la mayi a kunyumba musalitenge ngati chipongwe. Ndi funso la munthu amene amadziwa mtengo wa ufa.

Zimene mwakumana nazo mu situdiyo akumana nazo anzanu ambiri. Mukumbukira kuti namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo masitudiyo ang'onoang'ono a m'makomboni, awa a chipinda chimodzi chomata matiresi ndi makatoni a mazira m'makoma, ankagwira ntchito usiku pakati magetsi akayaka. Kenaka kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Maikolofoni, masipikala, ngakhale zingwe za gitala, zonse zimachokera kunja. Choncho mitengo inakweradi. Koma phunziro lake ndi loti musanayambe kujambula, gwirizanani mtengo wonse n'kulemba papepala, nonse awiri musaine. Mulembenso kuti biti ndi ya ndani, chifukwa milandu yambiri ya oyimba ndi maprodyusa imayambira pamenepo nyimbo ikatchuka. Ndipo mukamaliza, tengani mafayilo anu onse pa fulashi. Kompyuta ya situdiyo ikapsa, ntchito yanu yapsera momwemo.

Za COSOMA, pitani, musazengereze. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwemo. Ntchito yake ndi kutolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi, makanema ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni ake. Lamulo latsopano la umwini wa zaluso la 2016 linatsegulanso njira ya ndalama ina, imene imadulidwa pa zipangizo zosungira ndi kukopera nyimbo zikamalowa m'dziko, poti aliyense akudziwa kuti nyimbo zikukopedwa m'mafoni ndi m'mamemole. Koma bungwe silingagawire munthu amene silikumudziwa. Muyenera kulembetsa inuyo, ndi kulembetsa nyimbo iliyonse payokha: mutu wake, wopeka mawu, wopanga biti. Sindikukulonjezani chuma. Ndalama imatsatira mmene nyimbo yagwiritsidwira ntchito, ndipo wongoyamba kumene amalandira zochepa. Komabe zochepazo ndi zanu, ndipo kulembetsako ndi umboni tsiku limene wina adzatenge nyimbo yanu n'kunena kuti ndi yake.

Spotify inayamba kupezeka kuno mu 2021, ndipo palinso Boomplay, Audiomack ndi YouTube. Ikani ndithu, makamaka chifukwa cha abale athu okhala kunja ndi okonza zisangalalo amene amafufuzira kumeneko. Koma musawerengere kuti lendi ichokera m'menemo chaka chino. Nyimbo ikamvedwa kamodzi, chimene chimagwa ndi kachidutswa ka ndalama kosaoneka ndi maso, ndipo omvera anu a ku Kawale ambiri bandulo amayisungira WhatsApp. Kwa woyimba wa kuno ndalama yogwirika ikadali pa siteji: maukwati, zinkhoswe, kutsegulira shoo oyimba akuluakulu. Phunzirani kuyimba nyimbo zanuzo ndi gitala popanda kompyuta, kuti magetsi akazima inu musazime nawo. Ndipo ukalipentala musausiye. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Yachitatu ndi yaifupi, yachokera kwa mayi a ku Zingwangwa.

"Ine ndimakonda oyimba achinyamata ndipo ndimafuna kuwalimbikitsa, koma shoo amalemba kuti iyamba 7 koloko, woyimba n'kukwera pa siteji 11 koloko usiku. Minibasi zimakhala zitaweruka, wa kabaza amatchula mtengo umene wafuna, ndipo mzimayi kuyenda yekha nthawi imeneyo ndi kuika moyo pachiswe. Kodi okonza mashoo amatiganizira ife?"

Mayi, mwalankhulira ambiri. Okonza mashoo amadandaula kuti anthu sabwera, osadzifunsa kuti munthu wa ku Bangwe, ku Machinjiri kapena ku Chinsapo abwerera bwanji kwawo 2 koloko m'bandakucha. Ndalama ya pakhomo ikhoza kukhala yotheka, koma mukaphatikiza ndi ya njinga yamoto usiku, yaposa ya ndiwo za masiku angapo. Shoo ya Lamlungu masana, yoyamba pa nthawi yake n'kutha dzuwa likulowa, imadzaza ndi amayi, ana ndi achikulire, ndipo amenewo ndi anthu olipira pakhomo mosanyinyirika. Onani chikondwerero cha Tumaini ku Dzaleka ku Dowa, chimene anayambitsa mlakatuli Menes La Plume mu 2014. Kulowa ndi ulere, zambiri zimachitika dzuwa likuwala, ndipo woyimba wosadziwika amapeza khamu limene sakanaliona mu bala. Achinyamata amene mukukonza timashoo tanu m'maholo a m'madera, imvani mawu a mayiwa. Mukalemba 2 koloko, yambani 2 koloko, ngakhale mipando itadzaza mizere iwiri yokha.

Nthawi ikutithera, koma iyi ya ku Johannesburg sindingayisiye.

"Ndili kuno chaka chachisanu, ndimagwira ntchito ya m'munda wa maluwa pa nyumba ina. Mng'ono wanga amanditumizira nyimbo za anyamata a kwathu ku Ndirande, ndipo ndikamamvera madzulo ndimachita kuona phiri lija ndi utsi wa mbaula. Ndimamva chisoni kuti ndikumvera ulere. Ndingawathokoze bwanji?"

Achimwene, Mulungu akusungeni kumeneko. Njira ilipo ndipo ndi yapafupi. Oyimba ambiri ali ndi masamba pa Facebook, ndipo ambiri amalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Mukamatumiza ya kunyumba, onjezerani kangachepe n'kumuuza mng'ono wanuyo kuti akapereke m'manja mwa woyimbayo, poti ndi a dera limodzi. Onetsetsani kuti nambala ndi ya mwini wakedi, pakuti masamba abodza nawo achuluka. Ndipo mulembereni mawu awiri, mumuuze zimene mwandiuza inezi, za phiri ndi utsi wa mbaula. Ndacheza ndi oyimba ambiri pa mpando uli patsogolo pangawu, ndipo kangapo ndaona munthu akutulutsa foni kundionetsa uthenga wotere umene anausunga chaka chathunthu.

Makalata a ku Mzuzu ndi ku Zomba tiwerenga sabata yamawa. Pakadali pano, mnzanga wa pa makina akundikodola kuti achimwene a ku Chilomoni aja amamvera, ndipo nyimbo ija atumiza kale. Ndiyiseweretsa yonse osayidula. Madalaivala a mseu wa Limbe, obena nyimbo a m'misika, ndi aliyense amene angazindikire liwu la mtsikanayu, imbani kapena lembani uthenga, mutiuze dzina lake ndi kumene amakhala. Ngati mwini wake ukumvera, mwana wanga, mpando uno ukukudikira Lachinayi likubwerali, ubwere ndi gitala yako. Nayi nyimboyo.