Makina opangira mkaka wa mwana: agulidwe kapena ayi kuno ku Lilongwe?

[Pa tebulo pali chitini cha mkaka, ketulo, fulasiki, botolo la mwana ndi beseni la madzi]

Takulandirani amayi, abambo, agogo, ndi nonse amene muli ndi khanda pakhomo. Lero tikukamba za makina opangira mkaka wa m'chitini, aja mumangodina batani, pakapita mphindi ziwiri botolo lakonzeka, lofunda bwinobwino. Ayamba kuoneka mumzinda muno. Ena amabwera nawo achibale ochokera ku UK, ena amaitanitsa ku South Africa, ndipo mayi amene wakhala akudzuka katatu usiku uliwonse akawaona pa foni, mtima umapita pomwepo. Ndani angamunene?

Yankho langa ndinenetu poyambirira: kwa mabanja ambiri a kuno, ayi, musagule. Koma musachoke, pakuti chimene ndikukanira chikukhudza aliyense wopangira mwana mkaka, wa makina ndi wa ketulo yemwe.

Ndisanapite patali: bere la mayi lilibe cholowa m'malo. Kusikelo amatiuza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, ndipo n'zoona. Ngakhale mayi amene ali ndi HIV, malangizo a dziko lino ndi akuti ayamwitse uku akumwa ma ARV mwandondomeko. Komabe alipo makanda amene mayi awo anatisiya pobereka. Alipo amayi odwala. Alipo amene tchuthi chauchembere chawathera, pajatu lamulo la ntchito limangonena masabata 8, abwerera ku ofesi ku City Centre ndipo kufinya mkaka kwawakanika. Ndikulankhula ndi inu, ndipo sindikukuweruzani.

[Atsegula chitini, kamera iyandikira ufa]

Taonani ufawu. Ndi woyera, wouma, unatsekedwa ndi chitsulo kufakitale. Ambirife timaganiza kuti chowopsa chili m'madzi basi, ufa ndi waukhondo. Si choncho. Ufa wa mkaka sauphika mpaka majeremusi onse kufa, ndipo nthawi zina mumapezeka awiri oopsa: Salmonella, ndi wina wotchedwa Cronobacter. Cronobacter sapezeka kawirikawiri, koma akalowa mwa khanda la miyezi iwiri yoyamba, kapena lobadwa masiku asanakwane, amafika m'magazi ndi mu ubongo, ndipo amapha. Mu 2022 ku America anachotsa mkaka wambiri m'masitolo, fakitale ina ku Michigan n'kutsekedwa, nkhani yake inali ya kachilombo komweka.

N'chifukwa chake mu 2007 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi loona za chakudya ndi ulimi la FAO analangiza kuti madzi amene akukakumana ndi ufa akhale otentha madigiri 70 kapena kuposa. Mvetsetsani apa: kuwiritsa madzi n'kuwasiya azizire kenako n'kuthiramo ufa, mwapha majeremusi a m'madzi okha. A mu ufa aja mwawasiya amoyo, mwawapatsanso mkaka wofunda woti aswaniranemo. Nambala imeneyi, 70, muisunge, ndi imene tiyesere makinawa.

[Pa sikirini: zithunzi za makina a mitundu iwiri]

Makina odziwika alipo a mitundu iwiri. Wa Tommee Tippee wotchedwa Perfect Prep umayamba watulutsa timadzi tochepa totentha kwambiri, inu n'kuwasakaniza ndi ufa, kenako umaonjezera madzi ozizira odutsa mu sefa mpaka botolo lifike pofunda ngati thupi. Wa Baby Brezza umasunga ufa ndi madzi m'kati, n'kusakaniza wokha. Wachiwiriwu madzi ake amangofunda, safika pa 70, ndiye muyeso wathu uja waulephera tisanayambe n'komwe. Komanso ufa umakanirira potulukira chifukwa cha nthunzi, ndipo opanga ake amati malo amenewo azitsukidwa pakatha mabotolo anayi alionse. Mukaiwala, mlingo wa ufa ukhoza kusintha inu osadziwa.

Nanga woyamba uja? Mu 2023 akatswiri a pa Swansea University ku Wales anapatsa makolo zoyezera kutentha kuti ayeze madzi kunyumba kwawo. Pa makina 74, pafupifupi 15 peresenti okha ndi amene anatulutsa madzi ofika pa 70. Mwa makolo 69 ogwiritsa ntchito ketulo, pafupifupi 78 peresenti anafikapo. Ndipo n'zomveka. Timadzi tochepa tikagwera m'botolo lozizira n'kukumana ndi ufa wozizira, kutentha kumathawa nthawi yomweyo. Ndiye ketulo ija muli nayo kale kukhitchini inaposa makina okwera mtengo pa ntchito yofunika kwambiri.

Tsopano tibwere kwathu kuno, kumene nkhaniyi imalemera kwambiri.

Makina a sefa aja opanga ake amati muthiremo madzi ozizira a pampopi, osawiritsa. Anawapangira mipopi ya ku UK. Ife madzi akasiya kutuluka ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo, timatunga m'zigubu ndi m'migolo, ena timakagula pa kiyosiki, ena pa mjigo. Akabwerera, oyambirira aja amatuluka ofiira ndi matope. Mukawathira m'makina, gawo lalikulu la botolo la mwana wanu likhala madzi amene sanawire, chitetezo chake chonse chili pa kasefa kamodzi. Sitinaiwale kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ineyo madzi osawiritsa sindingawalole m'kamwa mwa khanda, ngakhale atadutsa mu sefa ya mtengo wanji.

Sefayo imafunanso kusinthidwa, pafupifupi miyezi itatu iliyonse. Musanagule makinawo dzifunseni kuti sefa yachiwiri mudzaipeza kuti. Mukapanda kuipeza mwa Gateway Mall kapena ku Old Town, ndiye kudikira wachibale wokwera ndege, ndalama zakunja zikuvuta chonchi. Chimene chimachitika n'chakuti munthu amangopitiriza ndi yakale ija. M'katimo mulinso timapaipi tonyowa nthawi zonse, timene simungationse ndi maso kapena kutipisa burashi, ndipo kutentha kwa Okutobala majeremusi amakukonda.

Magetsi ndiye simufuna kuuzidwa. Akathima, makina athimanso, mwana akulira. Ndipo ngati akutumizirani kuchokera ku America, samalani: kumeneko magetsi ndi a 120V, athu ndi a 230V. Mukangolumikiza popanda thiransifoma, apsa. A ku UK pulagi yake ndi yofanana ndi yathu, amenewo alibe vuto ili.

[Anyamula chitini]

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mwana womwa mkaka wa m'chitini wokhawokha amamaliza pafupifupi makilogalamu 20 a ufa m'miyezi 6 yoyamba. Ndi zitini 50 za magalamu 400. Kawerengereni pa mtengo wa lero. Mwezi ukafika pakati, chitini chatsala pang'ono, malipiro ali kutali, dzanja limayamba kuchepetsa: masupuni anayi asanduka atatu, madzi omwewo. Mwana amakhuta madzi, kusikelo mzere wa kulemera kwake n'kuyamba kugona, ndipo mkaka wosukuluka kwambiri ukhoza kumukomola khanda. Ndiye ngati muli ndi ndalama yogulira makina, kulipira wobweretsa ndi msonkho, ndalama imeneyo gulirani zitini zosunga. Achimwene amene mukufuna kugulira mlamu wanu mphatso, fulasiki yabwino ndi zitini zingapo zidzamuthandiza kuposa makina.

Nanga usiku titani? Onani.

[Athira madzi owira m'fulasiki]

Musanagone wiritsani madzi atsopano, pa magetsi, pa gasi kapena pa mbaula, zonse n'chimodzimodzi bola abwadamuke. Tsukuluzani fulasiki ndi madzi otentha, kenako idzazeni mpaka kukamwa n'kutseka zolimba. Yodzaza imasunga kutentha maola angapo, yatheka imazizira msanga. Fulasiki imeneyi ikhale ya mwana yekha, isalowe tiyi. Mabotolo mwatsuka ndi sopo n'kuwawiritsa kale, ali m'poto wovundikira.

Mwana akadzuka, sambani m'manja ndi sopo. Madzi ayambe kulowa m'botolo, mpaka pa mzere. Ufa pambuyo. Gwiritsani ntchito kasupuni ka m'chitini chomwecho, osati ka chitini china, chifukwa timasiyana kukula. Musatsindire, musaunjike, dulani pamwamba ndi mpeni woyera. Tsekani, khutchumulani, kenako imikani botolo m'beseni la madzi ozizira, madziwo asafike pa chivundikiro. Muzilizunguza pang'onopang'ono. Donthezani pamkono, pakatikati apa pofewa: likamveka lofunda chabe, mwetsani. Ngati mwawiritsa ndi ketulo, lita imodzi isakhale kupitirira mphindi 30 musanapange mkaka.

Wotsala m'botolo, pakatha maola awiri tayani. Ndikudziwa kuti zimapweteka kutaya chinthu chodula chonchi, n'chifukwa chake pangani wochepa, akafuna wina muonjezere. Ndipo afunseni anamwino akusonyezeni kumwetsa ndi kakapu, ngakhale khanda limatha. Kapu imatsukika mosavuta kuposa nsonga ya botolo, mmene mkaka umabisala.

Chinanso, amene amatsala ndi mwana masana ndi amene ayenera kudziwa zonsezi kuposa inu. Kaya ndi agogo, kaya ndi mtsikana wantchito, musangomuuza pakamwa mukuthamangira minibasi. Pangani naye limodzi, kenako apange yekha inu mukuona.

Alipo amene makinawa angawapepukitsire ntchito, monga a mapasa, kapena kholo lolumala manja, pakhomo pali sola kapena jenereta ndi madzi odalirika. Ngati ndinu otere, kapena munagula kale, chitani izi. Pezani choyezera kutentha cha kukhitchini, muyeze madzi otentha aja akangogwera m'botolo. Akapanda kufika pa 70, lekani kuwagwiritsa ntchito. Sefa muzisintha pa nthawi yake, ndipo muzitsuka makinawo monga kabuku kake kakunenera. Koma mwana wobadwa masiku asanakwane, wobadwa wochepa thupi, wodwaladwala, kapena amene sanakwanitse miyezi iwiri, ameneyo mupangireni ndi madzi owiritsa basi.

Ndipo khanda likayamba kutsegula m'mimba, kusanza, kutentha thupi, kukana kumwa, kapena liwombo likalowa m'kati, musadikire kuche, musasinthe mtundu wa mkaka poyesa. Thamangani nalo kuchipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo chitini chimene mukugwiritsa ntchitocho mupite nacho.