Achemwali, za mankhwala opopera m'mphuno aja

Achemwali mwadzuka bwanji uko ku Rosettenville, ndamvera voice note yanu ija, mawu akuchita kumvekeratu kuti mphuno zatsekeka. Chimfine sichikhala miyezi iwiri, imeneyo ikhoza kukhala allergy, thupi kudana ndi zinthu ngati fumbi ndi mungu. Kuno ku Joni mphepo ya August imanyamula fumbi la m'migodi, September mitengo ya plane ya m'misewu muja imayamba kutulutsa mungu, mvula ikagwa udzu nawonso, ndiye kuyetsemula ndi kuyabwa kwa maso sikutha.

Ka Iliadin mukupopera tsiku ndi tsiku kaja kasiyeni chonde. Kamatsegula mphuno pompopompo eya, koma mukapitirira masiku 5 mphuno imazolowera, ikatsekeka imatsekeka kuposa poyamba. Otrivin chimodzimodzi.

Mukapita ku Clicks kapena Dis-Chem musangotola pa shelefu, pitani pa kauntala mukauze pharmacist kuti mukufuna steroid nasal spray. Werengani dzina laling'ono la mankhwala pa bokosipo, pamakhala beclomethasone, budesonide, fluticasone kapena mometasone, onsewa ntchito yake ndi imodzi, amaphwetsa kutupa kwa mkati mwa mphuno. Funsani generic, mankhwala omwewo koma opangidwa ndi kampani ina, ndi yotchipa ndipo imagwira bwinobwino. Ena amafuna kalata ya dokotala, akuuzani pomwepo.

Koma apa mvetsetsani, ndipo muuzeko anzathu pa gulu paja. Munthu amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga Aluvia, asamagwiritse fluticasone kapena budesonide, chifukwa ritonavir imalepheretsa chiwindi kuchotsa steroid uja, amangodzadza m'thupi mpaka nkhope kutupa. Kwa otere nthawi zambiri amapereka beclomethasone. Musachite manyazi kunena mankhwala amene mukumwa, nong'onezani ngati pali anthu. Oyembekezera komanso ana, ayambe afunsa ku clinic.

Kapoperedwe kake: minani kaye, gwedezani botolo, weramitsani mutu pang'ono, dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, kuti mankhwala alowere cha kukhutu osati pakati pa mphuno, pakatipo ndi pomwe pamayambira kamfuno. Osakoka mpweya mwamphamvu, akangotsikira kukhosi ndiye mwataya.

Ndipo musataye mtima tsiku loyamba, awa sathamanga ngati Iliadin, poperani tsiku lililonse, mwina mpaka masabata awiri ndi pomwe muone kusintha kwenikweni. Magazi akamatuluka pafupipafupi, kapena mbali imodzi yokha ndi yomwe yatsekeka, kaonaneni ndi dokotala. Mukagula munditumizire chithunzi cha bokosilo ndione.