Mtolo wa timitengo khumi: mawu kwa makolo pa nkhani ya masamu

Zikomo amfumu, zikomo ahedi, akomiti ya sukulu, amayi a mother group, ndi inu nonse makolo amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe pano. Amene muli kumbuyoko, sendererani kuno kumthunzi, chifukwa zimene ndanyamulazi nzofunika kuziona ndi maso. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 3, ndipo ahedi andipatsa mpata kuti ndilankhule za masamu.

Ndiyambe ndi chinthu chimene chimatisangalatsa tonse pakhomo. Mwana wa Sitandade 1 akabwera kuchokera kusukulu nkuyamba wani, thuu, firii, mpaka kukafika handiredi osapunthwa, timati mwanayu ngwanzeru. Inde ngwanzeru. Koma madzulo ano mukamuyese chonchi: mukamuuze kuti akupatseni nthanga 14 kuchokera m'lichero. Kenako mukalembe pansi 19 ndi 31, mumufunse kuti yaikulu ndi iti. Ana ambiri amaloza 19, chifukwa aona 9, ndipo 9 amadziwa kuti ndi wamkulu kuposa 3 ndi 1. Mwana wotereyu nambala amaziimba bwino, koma sanadziwe kuti 3 wa mu 31 akuimira makumi atatu. Vuto lalikulu la masamu a ku pulayimale limayambira pomwepa.

Taonani samu iyi ndalemba pabolodi: 52 kuchotsera 17. Ndikamachonga makope, yankho limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi 45. Mwana amene walemba 45 sanangolota ayi, waganiza ndithu. Wayang'ana 2 ndi 7, waona kuti 7 sangachoke mu 2, ndiye watembenuza, wachotsa 2 mu 7, wapeza 5. Kenako 5 kuchotsa 1, wapeza 4. Basi 45. Mukamukalipira kuti ndi waulesi mukumulakwira, chifukwa ntchito wagwira. Chimene chikusowa nchoti sakuona kuti 52 ndi chinthu chimodzi, mitolo isanu ndi timitengo tiwiri.

Ndiye onani kuno. Uwu ndi mtolo, muli timitengo khumi, ndamanga ndi legeni. Kusukulu timati mateni. Timitengo tosamangati timati mawani. Ndaika mitolo isanu patebulo, ndi timitengo tiwiri pambali. Imeneyi ndiye 52. Tsopano ndikufuna kuchotsa 17, kutanthauza mtolo umodzi ndi timitengo tisanu ndi tiwiri. Tosamanga ndili nato tiwiri tokha. Nditani? Eya, mayi mwanena bwino, ndimasule mtolo umodzi. Ndamasula. Mitolo yatsala inayi, tosamanga takwana 12. Kodi ndaonjezera kanthu? Ayi. Ndataya kanthu? Ayi. Ikadali 52 yomwe ija, yangosintha kakhalidwe. Ndichotse 7 pa 12, patsala 5. Ndichotse mtolo umodzi pa inayi, patsala itatu. Yankho ndi 35.

Enanu mukukumbuka kuti kale ankatiuza kuti "bwereka wani", tinkadula 5 nkulemba 4, kenako nkuika kawani kakang'ono pafupi ndi 2. Ambirife tinkangochita osadziwa kuti kawaniko kachokera kuti. Ndi mtolo womasula uja. Nchimodzimodzi ndi mayi wogulitsa tomato amene wapatsidwa K1,000 alibe chenji: amapita kwa mnzake kukasinthitsa kuti apeze ma K100 khumi, ndalama yake siichepa, siichuluka. Mwana amene wamasulapo mtolo ndi manja ake kangapo, akafika pa kope sasokonezekanso, ngakhale samuyo ikhale ya mahandiredi.

Mwina wina akuti, aphunzitsi, zimenezo ndi ntchito yanu, mukutiuziranji ife? Ndi ntchito yathu ndithu, ndipo sitikuithawa. Koma mukudziwa mmene makalasi athu alili. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana oposa miliyoni imodzi anaonjezereka m'sukulu nthawi imodzi, ndipo mpaka lero zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirane ndi ana. Chinali chinthu chabwino kuti mwana aliyense alowe sukulu, ine ndimachiyamikira. Koma mphunzitsi mmodzi, ana atadzaza chipinda mpaka pakhomo, sangathe kuona zala za mwana aliyense akamawerenga. Amene amayankha msanga ndi amene amaoneka. Wofatsa uja amangokopera za mnzake, nkupita naye ku Sitandade 4 ali ndi bowo m'mutu. Akafika Sitandade 5 maphunziro ayamba kuchitika m'Chingerezi, mafulakishoni ndi madesimo akubwera, ndiye kuti mavuto awiri amukumanira. Tikamadzadandaula ndi zotsatira za mayeso a MANEB ku Sitandade 8, nthawi zambiri chinalakwika chinachitika zaka zisanu m'mbuyo, pa samu ngati iyi ya 52 kuchotsera 17.

Ndikudziwa kuti pakati panu pali amene mukuti, ine sukulu sindinapite nayo patali, ndingamuthandize bwanji? Bambo, mayi, masamu mumachita tsiku ndi tsiku, mwina kuposa ife. Ku banki mkhonde ndani amawerengetsa masheya ndi chiongoladzanja? Mukagulitsa soya kapena mtedza, ndani amayang'anitsitsa sikelo kuti venda asakubereni? Mukagula chinthu cha K650 nkupereka K1,000, simutenga pensulo. Mumati 50 kuti ikwane 700, kenako 300 kuti ikwane 1,000, chenji changa ndi K350. Njira imeneyo ndi masamu enieni, ndipo ndi yabwino kwambiri. Chimene ndikupempha nchoti muziganiza mokweza mwana ali pomwepo. Mukamutuma kukagula mchere kapena sopo, asananyamuke mumufunse kuti abwera ndi chenji cha zingati. Akayankha, kaya wakhoza kaya walakwa, funso lake ndi limodzi: wapeza bwanji? Funso limeneli ndimalikonda kuposa ena onse, chifukwa mwana akamafotokoza, nthawi zambiri amadzigwira yekha pamene walakwitsa, ndipo inu mumamva mmene mutu wake ukuyendera.

Pa kuchulukitsa ndingodutsapo mwachangu. Abambo a bawo, bawo lili ndi mizere inayi, mzere uliwonse maenje asanu ndi atatu. Mwana awerenge yekha apeze 32, ndiye mumuuze kuti imeneyo ndi 4 kuchulukitsa ndi 8. Mukaika nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse zikwana 64. M'malo momuthamangitsa pabawo, mukhazikeni pambali panu. Kumunda nakonso, amene mumadzala chimanga mwa Sasakawa mukudziwa kuti phando ndi phando ndi masentimita 25, mzere ndi mzere masentimita 75. Ndiye mu mita imodzi mukulowa mapando anayi. Mufunseni wa Sitandade 4 kuti mzere wa mamita khumi ufuna mbewu zingati. Matebulo aja a 2 times 2 ndimafuna ana awaloweze pamtima, asakunamizeni kuti kuloweza nkoipa. Koma ayambe waona ndi kugwira, kuloweza kubwere pambuyo, kuti akaiwala 7 times 8 athe kuipezanso yekha.

Pali mawu ena amene ndikupempha kuti tiwasiye. "Ine masamu ankandivuta, mwanayu watengera ine." Mwana akamva choncho kwa mayi ake kapena bambo ake, amaona ngati nkhani yatha, palibenso chifukwa cholimbikira. Ndipo mawu amenewa amagwera kwambiri atsikana. Amayi a mother group, apa ndikudalira inu. M'kalasi mwanga atsikana amamasula mitolo ndi kupeza mayankho chimodzimodzi anyamata. Chimene chimawabweza m'mbuyo nchoti akafika kunyumba, mtsikana ali kumjigo, ali pamoto, ali ndi mwana kumsana, pamene mlongo wake wapeza mpata wotsegula kope. Mpatseni naye kanthawi dzuwa lisanalowe. Komanso mukaona mwana akuwerenga ndi zala musamumenye pamanja. Zala adzazisiya yekha nambala zikakhazikika m'mutu. Mwana wamantha sayesa, amangodikira kuti wina anene yankho.

Nkhani ya kujomba ndiinene pamaso pa amfumu. Masamu amamangana, za lero zimakhala pamwamba pa zadzulo. Mwana akajomba tsiku la msika sabata iliyonse, kapena akasowa masabata awiri nthawi yokolola, mwina tsiku limene wasowalo ndi limene tinamasula mtolo koyamba. Akabwera apeza anzake akudula manambala pabolodi, iye osadziwa kuti zachokera pati. Amfumu, mutithandize kukumbutsa anthu anu pamisonkhano ya m'mudzi.

Tsopano pempho langa lenileni ndi ili, ndipo silifuna ndalama. Mwana aliyense wa Sitandade 1 mpaka 3 akhale ndi timitengo take 100, totalika ngati chala chapakati. Tingakhale ta nsungwi, ta bango, kapena mapesi owuma. Mumange naye limodzi khumikhumi, ndi luzi kapena legeni, iye ndiye aziwerenga, inu muzingomanga. Muike m'kathumba ka shuga kotha, pamodzi ndi zitsekerero za mabotolo ngati zilipo. Lolemba abwere nato kusukulu, madzulo azibwerera nato kunyumba. Mukatha kudya, mumupatse samu imodzi kapena ziwiri, osachulutsa. Lero mumuuze aonetse 46, mawa achotsepo 9, mkuja aphatikize 27 ndi 35 kuti aone timitengo 12 tikusanduka mtolo watsopano ndi tiwiri totsala. Amene muli ndi ana a Sitandade 6 kapena 7 amene masamu akuwavuta, musachite manyazi kuwabwezera ku timitengo, nthawi zambiri bowo lili komweko.

Sindikufuna muchoke pano mutangomva ndi makutu. Ndikupempha amayi awiri ndi abambo awiri abwere kutsogolo kuno, mitolo ilipo yokwanira. Agogo, inunso bwerani, adzukulu ambiri akukhala ndi inu. Samu yathu ndi 43 kuchotsera 28. Yambani mwaika 43 patebulo, enanu muziona ngati aika bwino.