Zaka zinayi za kafukufuku m'maminitsi atatu: mpikisano wa 3MT umayenda bwanji?

Moni nonse, mwaswera bwanji? Lero tikambe za mpikisano wina womwe umachitika m'mayunivesite ambiri padziko lapansi, koma anthu ambiri sanaumvepo. Munthu amene akuphunzira digiri ya udokotala, ija timangoti PhD, amaima pa steji n'kufotokoza kafukufuku wake yense m'maminitsi atatu okha, ndipo omvera si maprofesa a phunziro lakelo ayi, ndi anthu wamba, ena oti sanalowepo mu labu chibadwire. Mpikisanowu umatchedwa Three Minute Thesis, mwachidule 3MT.

[Pa sikirini: wotchi ikuwerenga chotsitsa kuchokera pa 3:00]

Kuti mumvetse kuvuta kwake, ganizirani kaye zomwe wophunzirayu wanyamula. PhD imatenga zaka zitatu, zinayi, ena kupitirira apo, ndipo pamapeto pake amalemba buku lalikulu la kafukufuku, thesis, lomwe limatha kufika mawu 80,000. Eni ake a mpikisanowu amakonda kunena kuti buku la mawu 80,000 kuliwerenga mokweza lingakutengereni maola 9. Ndiye maola 9 aja akuwapanikiza kukhala masekondi 180, basi.

Zinayambira ku University of Queensland, mumzinda wa Brisbane ku Australia, m'chaka cha 2008. Amene anabwera ndi ganizoli ndi pulofesa Alan Lawson, yemwe panthawiyo anali mkulu woyang'anira ophunzira a madigiri apamwamba. Nkhani yomwe yunivesiteyo imafotokoza ndi yoti ku Queensland kunali chilala choopsa, anthu akulimbikitsidwa kusamba mwachangu kuti asunge madzi, moti ambiri anapachika m'bafa kawotchi ka mchenga ka maminitsi atatu. Ndiye bamboyu anangoti, bwanji ophunzira athu nawo apatsidwe nthawi yomweyo kuti anene zomwe akuchita? Mpikisano woyamba unali ndi ophunzira 160. Pofika 2010 anali atayamba kupikisana ndi mayunivesite ena a ku Australia ndi New Zealand, ndipo pano wafalikira m'mayunivesite oposa 900 m'maiko oposa 85.

Malamulo ake ngokhwima heavy. Umaloledwa silaidi imodzi yokha, yosasuntha, yopanda vidiyo, yopanda nyimbo. Sungabwere ndi zipangizo za mu labu kapena kuvala zovala za sewero, ndipo ndakatulo, kuimba kapena rap n'zoletsedwa, uyenera kungoyankhula. Ukapitirira maminitsi atatu, ngakhale ndi masekondi ochepa, watuluka mumpikisano. Majaji amayang'ana zinthu ziwiri kwenikweni, ngati omvera amvetsa zomwe wafufuza ndi zomwe wapeza, komanso ngati wawakoka mtima mpaka kufuna kumva zambiri. Nthawi zambiri pamakhalanso mphotho ina yomwe omvera amavotera okha.

Pano ndi pomwe ndikufuna tichedwe pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti nkhani ndi kuyankhula mothamanga kapena kungochotsa mawu ovuta. Si choncho. Wophunzira akakhala zaka zambiri pa funso limodzi amafika poiwala kuti funsolo linayamba bwanji, amangoona tizidutswa, njira yoyezera yomwe inakanika, pepala lomwe anthu owunika anabweza, manambala omwe sakugwirizana. Ukamufunsa kuti mukufufuza chani amayamba ndi dzina la puloteni kapena dzina la chiphunzitso china chake, iwe n'kungogwedeza mutu mwaulemu. Maminitsi atatu amamukakamiza kubwerera ku funso loyamba lija, loti kodi izi n'zofunika kwa ndani, ndipo zikapezeka chisintha n'chani.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina akufufuza mabakiteriya omwe samva mankhwala. Akhoza kuyamba ndi dzina lalitali la bakiteriyayo ndi majini ake, holo yonse n'kusochera m'masekondi 20 oyamba. Kapena akhoza kuyamba kuti, munthu wachitidwa opaleshoni, yayenda bwino, koma chilonda chikukana kupola ngakhale akumwa mankhwala, chifukwa mabakiteriya ena amadziunjika pamodzi n'kudzikuta ndi kachinthu konanda komwe mankhwala amavutika kulowamo, ine ndikufufuza momwe tingang'ambire chokutiracho. Sayansi yake ndi yomweyo, sananame paliponse, koma pano aliyense wadziwa chifukwa chomwe mtsikanayu amagonera mu labu. Ndipo ine ndimakhulupirira kuti amene wapindula kwambiri pamenepo ndi iye mwini, chifukwa luso limeneli adzalifuna popempha ndalama za kafukufuku, pa intavyu ya ntchito, ngakhale tsiku loteteza thesis yake pamaso pa omuyesa. Komanso tisaiwale kuti kafukufuku wambiri amalipiridwa ndi misonkho ya anthu, ndiye anthuwo ali ndi ufulu womva zomwe ndalama zawo zikuchita m'chiyankhulo chomveka.

[Pa sikirini: mapu a dziko lapansi]

3MT si yokhayo. Oyankhula Chifalansa ali ndi yawo, Ma thèse en 180 secondes, kutanthauza thesis yanga m'masekondi 180, yomwe bungwe lolimbikitsa sayansi la Acfas linayambitsa ku Québec, m'dziko la Canada, mu 2012, kenako ku France inayamba mu 2014, ndipo fainolo ya maiko onse ya 2019 inachitikira ku Dakar, Senegal. Ku Britain kuli FameLab, yomwe inayamba mu 2005 pa chikondwerero cha sayansi cha ku Cheltenham, nayonso ndi maminitsi atatu koma iwo amakana masilaidi n'kulola kuti ubwere ndi zinthu zomwe unganyamule pamanja. Ku Berlin, ku Germany, kuli Falling Walls Lab, nawonso mpikisano wa maminitsi atatu. Palinso wina wotchedwa Dance Your PhD womwe unayamba mu 2008, kumene anthu amafotokoza kafukufuku wawo povina, koma umenewo tidzaukamba tsiku lina.

Koma sindingakuuzeni zabwino zokhazokha, pali zinthu zomwe zimandidetsa nkhawa. Choyamba, maphunziro onse sapikisana mofanana. Amene akufufuza khansa kapena madzi akumwa wayamba kale ali patsogolo, chifukwa aliyense amamva kufunika kwake asanatsegule n'komwe pakamwa. Nanga wa masamu ozama uja, kapena amene akuwerenga zolembedwa zakale za zaka mazanamazana, yemwe phindu la ntchito yake lingadzaoneke patapita zaka 30? Ameneyu amakakamizika kufunafuna kankhani kokoma kuti amangirirepo ntchito yake, ndipo nthawi zina kankhaniko kamaphimba ntchito yeniyeniyo. Palinso nkhani ya chiyankhulo, 3MT nthawi zambiri imachitika m'Chingerezi, ndiye wophunzira amene Chingerezi anachiphunzira kusukulu akupikisana ndi mnzake amene anayamwira, pamene masekondi akuwerengedwa chimodzimodzi.

Chomwe chimandivuta kwambiri ndi chiyeso chokokomeza. Sayansi yeniyeni imadzaza ndi mawu ngati mwina, pa mbewa zokha, pa anthu ochepa omwe tinawayeza, ndipo mawu amenewa ndi omwe amayamba kudulidwa nthawi ikachepa. Munthu amene wapeza kuti mankhwala ena apha maselo a khansa m'kambale ka mu labu akhoza kumveka ngati wapeza mankhwala ochiza khansa, chonsecho pakati pa ziwirizi pali zaka zambiri za kuyesa, ndipo mankhwala ambiri amagwa panjira. Mu 3MT kawirikawiri sipakhala mafunso ukamaliza, umangotsika pa steji anthu akuwomba m'manja. Apa FameLab ndimaiona kuti inaganiza bwino, chifukwa majaji amakufunsa mafunso ukatha kuyankhula, ndipo funso limodzi lokha loti kodi mwayesa pa anthu angati limatha kusiyanitsa amene akudziwa malire a ntchito yake ndi amene wangoloweza mawu okoma.

Ndiye mukamaonera mavidiyo a mipikisanoyi, ndipo alipo ambiri pa YouTube, mayunivesite amaika okha, yesani kumvetsera zinthu izi. Kodi munthuyu wanena zomwe iyeyo wachita ndi manja ake, kapena watha maminitsi awiri akufotokoza kukula kwa vuto? Kodi wanena zomwe wapeza kale, kapena zomwe akuyembekezera kudzapeza? Ndipo ngati inuyo muli pa PhD kapena masters, musadikire kuti yunivesite yanu ikonze mpikisano, tengani foni, ikani maminitsi atatu, fotokozerani munthu amene sadziwa kalikonse za phunziro lanu, mukatha mumupemphe kuti abwereze zomwe wamva m'mawu ake. Pomwe wasochera polembani, mukonze, muyesenso ndi munthu wina.