Kukaonera speedway koyamba: pokhala, zonyamula ndi poika maso

Woulutsa: Takulandiraninso omvera. Chigawo chino ndi cha abale athu amene ali ku Britain ndi ku Poland, amene amangomva phokoso la njinga zamoto madzulo kubwalo lapafupi koma sanalowemo. Bambo, tiyambire pa njingayo. Ikusiyana pati ndi ya kabaza?

Mlendo: Zikomo mayi. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu. Njinga ya speedway ilibe mabuleki, ngakhale amodzi. Giya ndi imodzi yokha. Injini ndi ya 500cc, silinda imodzi, ndipo imamwa methanol, osati petulo. Malamulo amati isapepuke kuposa makilogalamu 77, ndiye mukhoza kuona kuti ndi kachinthu kowonda koma kaukali. Mainjini amene mudzaone kwambiri ndi a GM a ku Italy ndi a Jawa a ku Czech Republic.

Woulutsa: Popanda mabuleki, pakhona amatani?

Mlendo: Apo ndiye pagona masewera onse. Akamafika pakhona amaipendeketsa njinga, tayala lakumbuyo limatsetsereka cham'mbali, likupala dothi. Kupalako ndiye buleki yake. Mwendo wakumanzere amautambasula, ndipo pansi pa nsapatoyo amamangirira chitsulo choti chizikhula pansi. Amazungulira cha kumanzere nthawi zonse. Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, mamita pakati pa 260 ndi 425, lothiridwa timiyala tophwanya ndi dothi. Anthu anayi, kuzungulira kanayi, mphindi imodzi basi yatha. Mukatembenuka kuti mugule tchipisi, mwaphonya.

Woulutsa: Chabwino. Munthu waganiza zopita. Ayambe ndi chiyani?

Mlendo: Ayambe ndi kumwamba. Masewera awa amadana ndi mvula. Dothi likanyowa kwambiri limasanduka phala, matope amamata magalasi a okwera, saona kutsogolo, ndiye woimbira amaimitsa zonse. Musanakwere sitima kapena basi, onani kaye chimene timu yalengeza tsiku lomwelo masana. Ndipo tiketi musataye mukalowa, chifukwa akaimitsa msanga matimu ambiri amakulolani kudzalowera yomweyo tsiku lina. Nyengo yake ku Britain ndi kuyambira Malichi kufika Okutobala, ndipo ligi yaikulu imaseweredwa kwambiri Lolemba ndi Lachinayi madzulo. Amene ali ku Manchester, Belle Vue Aces ili pompo pa National Speedway Stadium, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2016. Ku Sheffield kuli Tigers pa Owlerton, ku Ipswich kuli Witches pa Foxhall. Ku Poland funsani za żużel, ndilo dzina lake kumeneko. Ku Leszno, Toruń, Lublin, Wrocław, anthu amadzaza bwalo ngati kuli mpira.

Zonyamula: jekete lokhuthala, ngakhale masana kunali dzuwa. Bolopeni. Ana muwagulire zotsekera m'makutu, njinga zinayi zikamalilira limodzi poyambira mwana wamng'ono sapirira. Zovala zoyera siyani kunyumba.

Woulutsa: Bolopeni ya chiyaninso?

Mlendo: Ya pulogalamu, mayi. Pageti amagulitsa kabuku kokhala ndi mayina a okwera ndi ndondomeko ya mipikisano yonse. Mpikisano umodzi amautcha heat, ndipo pa masewero a ligi amakhala 15. Gulani kabukuko, muzilemba nokha. Woyamba amapeza mapointi 3, wachiwiri 2, wachitatu 1, womaliza palibe. Timu iliyonse imalowetsa anthu awiri, choncho heat imatha 5-1, 4-2 kapena 3-3 onse akamaliza. Mapointi onse pamodzi ndi 90, ndiye timu ikafika 46 yapambana. Wosalemba amangoona fumbi ndi phokoso. Wolemba amadziwa kuti timu yake yatsalira ndi mapointi anayi, kwatsala ma heat awiri, ikufunika 5-1. Mtima umagunda mosiyana.

Okwerawo mudzawazindikira ndi mtundu wa kansalu kovundikira chisoti. Eni bwalo amavala chofiira ndi chabuluu, alendo choyera ndi chachikasu. Koma samalani apa, ambiri amasokonezeka. Pa mipikisano ya aliyense payekha, monga Grand Prix, mtundu umasonyeza malo oyambira: chofiira ndi geti 1 mkati mwenimweni, chabuluu 2, choyera 3, chachikasu 4 kufupi ndi mpanda. Pa ligi sichoncho, matimu amalukana, ina pa 1 ndi 3, inayo pa 2 ndi 4.

Woulutsa: Nanga pokhala pabwino ndi pati?

Mlendo: Tsiku loyamba gawani pawiri. Ma heat oyambirira khalani moyang'anizana ndi poyambira, muone mmene amanyamukira. Kenako sunthirani pakhona yoyamba, koma mukwere masitepe angapo. Mukaima pansi penipeni pampanda, timiyala timene tayala lakumbuyo limamwaza tidzakuwazani kumaso, ndipo timapweteka. Mudzaona akale amanyamula kathabwa kopanira pulogalamu, njinga zikamadutsa amakakweza kumaso ngati chishango, zikapita amatsitsa. Atsanzireni.

Woulutsa: Mwatchula kunyamuka. Tafotokozani, chifukwa pa TV zimaoneka ngati akungotaya nthawi.

Mlendo: Sakutaya nthawi ayi. Woimbira akaliza belu, okwera ali ndi mphindi ziwiri kuti afike poyambira, wochedwa amalangidwa. Akafika mudzaona wina watsika, akukumba ndi chidendene, akukankhira dothi m'kamzere kamene tayala lakumbuyo likhalemo, akupondaponda. Akukonza poti tayala ligwire. Dothi likachepa tayala limangozungulira pamalo amodzi, anzake apita. Likachuluka njinga imadzuka kutsogolo ngati mbuzi, ndipo amakakamizika kuchepetsa moto.

Kutsogolo kwawo kumakhala zingwe zopingasa. Nyali yobiriwira ikayaka amakweza moto, dzanja lili pa kilachi, osasuntha. Zingwe zikangoulukira m'mwamba amasiya kilachi. Wokhudza zingwe zisanakwere walakwa: amachotsedwa, kapena pa ligi ya ku Britain akhoza kuyambira mamita 15 kumbuyo kwa anzake. Inuyo maso asakhale pa zingwe, akhale pa matayala akutsogolo, mudzaona amene watsogola. Nthawi zambiri wotuluka patsogolo pakhona yoyamba ndiye amawina, chifukwa otsatira akudya dothi lake.

Woulutsa: Ndiye kupitana kulibe?

Mlendo: Kulipo, koma kumabwera ndi kusintha kwa bwalo, ndipo ichi n'chimene ndikufuna omvera agwire. Poyamba dothi limakhala lofanana paliponse, njira yachidule yamkati ndiyo yabwino. Heat iliyonse matayala amakankhira dothi kunja. Pofika pakati pa masewero mkati mwatsala poterera ngati simenti, pomwe kufupi ndi mpanda kwaunjikana dothi. Wolimba mtima amapita kunjako. Njira ndi yaitali, koma tayala likagwira dothilo njinga imathamanga kwambiri, ndipo amatulukira pakhona ali patsogolo. Vuto lake, likagwira modzidzimutsa njinga imawongoka n'kulunjika kumpanda. N'chifukwa chake m'makhona anaikamo mpanda wopopedwa mpweya.

Choncho thirakitala ikalowa pakatha ma heat angapo, kudzakokera dothi mkati, ndi galimoto yothira madzi, musanyansidwe. Onani kumene yasiya dothi. Lembaninso m'mphepete mwa pulogalamu geti imene wopambana anayambira. Pofika heat 8 mudzaona nokha kuti lero geti yakuti ndiyo ikubala. Nawonso amakaniko kuseri akusintha sprocket yakumbuyo, kachitsulo ka mano kamene tcheni imadutsapo, ndi kutembenuza tayala kuti mbali yatsopano igwire ntchito, n'chifukwa chake munthu amene anali womaliza koyambirira mumadzamuona akuwina.

Chinanso chokoma: mukaona wotsogola akucheuka, akuchedwetsa dala, sikuti njinga yavuta. Akudikira mnzake wa timu imodzi. Mmodzi amatseka mkati, wina kunja, otsatira amasowa podutsa, 5-1 yalowa.

Woulutsa: Wina akagwa?

Mlendo: Nyali zofiira zimayaka kuzungulira bwalo, onse amaima. Padzanja la wokwera pamakhala kachingwe kolumikiza ku injini, akagwa kamazuka, injini imazima. Kenako woimbira amasankha amene wachititsa, ndipo nyali ya mtundu wa chisoti chake imayaka. Apa m'pamene anthu amakuwa, chifukwa wochotsedwa akhoza kukhala wogwayo, ngati anagwa yekha, kapena amene anamugwetsa. Akagundana pakhona yoyamba popanda wolakwa weniweni, onse anayi amabwerera. Wodutsa mzere woyera wamkati ndi matayala onse awiri nayenso amachotsedwa. Mbendera yachikasu yokhala ndi mtanda wakuda ikutanthauza kuti kwatsala kuzungulira kamodzi. Zoimaimazi ndizo zimachititsa kuti mphindi 15 za liwiro zitenge pafupifupi maola awiri.

Woulutsa: Mayina oti munthu asaoneke mlendo kwambiri?

Mlendo: Bartosz Zmarzlik wa ku Poland, amene anayamba kukhala katswiri wa dziko lonse mu 2019. Tai Woffinden wa ku Britain anatenga katatu, 2013, 2015 ndi 2018. Mukakhala pafupi ndi agogo a ku Belle Vue, tchulani Ivan Mauger wa ku New Zealand, amene anatenga kasanu ndi kamodzi, ndipo mukhale okonzeka kumvetsera mpaka heat yotsatira. Mufike theka la ola masewero asanayambe, muime pafupi ndi kumene amakonzera njinga akamatenthetsa mainjini. Ana muwagwire dzanja pamenepo, moto wa methanol suoneka bwino ndi maso.