Sikipi ikafika pa mzere yadzadza, osaonjezeranso

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Kumbuyoko mawu akufika? Chabwino. Andipempha ndilankhuleko za masikipi, zimabini zikuluzikulu zachitsulo zomwe mumachita hayala kuti mutayiremo zinyalala, poti ambiri tsopano mwagula nyumba kuno ku England, ena mukuphwasula makhitchini, ena mukukonza kuseri kwa nyumba, ndiye masikipi ayamba kuoneka pamakomo pa a Malawi. Ine ndimayendetsa lole yonyamula masikipiwo, ndiye zomwe ndinenezi ndimakumana nazo pa ntchito.

Sikipi ikabwera muyang'ane m'mbali mwake, mupeza mzere kapena mawu akuti level load only. Pamenepo ndiye pothera, katundu asapitirire milomo ya sikipi. Ndikudziwa zomwe zimabwera mumtima, munthu walipira mapaundi mazana angapo ndiye akufuna ndalama yake igwire ntchito, amatenga zitseko zakale n'kuziimika m'mbali kuti sikipi italike, kenako n'kumaunjika mpaka phiri, pamwamba n'kusanjikapo matiresi. Pa ntchito matabwa amenewo timawatchula kuti greedy boards ndipo dalaivala akangowaona ali patali nkhope imasintha. Kumudzi tinazolowera matola, ya 3 tani imanyamuka matumba a makala atapitirira denga, anthu pamwamba, ikuyenda chopendekeka koma ikufika. Kuno sizitheka, ndipo sikuti kampani ikungofuna kukudyerani ndalama ayi.

Taonani mmene imanyamulidwira. Lole imabwerera chambuyo, ndimatsitsa miyendo yake kuti ikhazikike, ndimakoleka matcheni pa timakutu ta m'mbali mwa sikipi, awiri uku awiri uko, kenako mikono ya lole imaikweza m'mwamba. Ikakhala m'malere imagwedezeka ndipo imapendekekako, chilichonse chomwe chili pamwamba pa milomo chilibe chochigwira. Njerwa ikagwa pamenepo imagwera ine amene ndaima pambali, kapena galimoto ya neba, kapena mwana amene wabwera kudzaonerera, poti ana ndi lole imeneyi salekana. Ikakhala bwino pa lole ndimafunditsa neti, koma neti imagwira zinthu zomwe zagona, thabwa losongoka limaiboola. Ndiye ganizani thabwa limenelo kapena chidutswa cha tailosi chikuuluka pamsewu waukulu lole ikuthamanga mamailosi 50 pa ola, kumbuyo kuli munthu wa njinga yamoto.

Lamulo la Road Traffic Act la 1988 limagwira woyendetsa ndi kampani yake ngati katundu ali woopsa pamsewu. Mapointi 3 a chilango amapita pa laisensi yanga, osati yanu. N'chifukwa chake dalaivala amakana, ndipo musamunyengerere ndi tiyi kapena ka 20 paundi, sizithandiza. Amajambula chithunzi, n'kutumiza ku ofesi, n'kumapita. Kampani imakulipiritsani ulendo wopita pachabewo, inu mutsitse nokha katunduyo ndi manja, ndipo ngati sikipi ili pamsewu masiku a chilolezo akutha.

Mbali yomwe anthu ambiri saidziwa ndi ya kulemera. Sikipi itha kukhala pansi pa mzere bwinobwino koma osanyamulika. Masikipi amawayeza kukula kwake m'makiyubiki yadi, pali ya 2, ya 4, ya 6, ya 8 imene amakonda mabilidala, kenako zikuluzikulu za 12 kupita m'mwamba. Ya 8 ija mkati mwake ndi makiyubiki mita pafupifupi 6. Kiyubiki mita imodzi ya dothi imapitirira tani, ikanyowa ndi mvula ya kunoyi imayandikira matani 2, ndiye werengani nokha. Malole ambiri a masikipi malire ake ndi matani 18 zonse pamodzi, ndipo lole payokha ndi zitsulo zake yadya kale theka kapena kuposa. Ndiye wina amati ndiitanitse ya 12 kuti zonse zilowe kamodzi, n'kuthiramo dothi ndi zibuma za konkire. Imeneyo siidzuka achimwene, kutsogolo kwa lole ndi komwe kumadzuka. Zikuluzikuluzo ndi za katundu wopepuka, mipando, makatoni, matabwa. Dothi, njerwa ndi konkire musapitirire ya 8, ndipo makampani ena amakuuzani kuti ya 6 kapena musaidzadze, ndiye poyimba foni nenani chilungamo chomwe muthiremo. A DVSA, a boma oyang'anira magalimoto pamsewu, akatiimitsa n'kutikweza pa sikelo, chindapusa chimayambira £100 mpaka £300, zikanyanya ndi kukhoti, ndipo lole siichoka pamenepo mpaka katundu atsitsidwe. Komanso lole yolemera mabuleki ake sagwira msanga.

Kapakiridwe kake si kovuta. Zafulati ndi zolemera ziyambe pansi, zitseko zija muzigoneke, njerwa ndi matailosi muziwaze ponseponse osati kuunjika kumutu kumodzi, chifukwa ikalemera mbali imodzi pokweza imapendama. Makabati ndi mawadiropu aphwasuleni kaye, kabati yosaphwasula mukulipira mpweya. Nthambi ziduleni zifupike, makatoni apondeni, tizinthu ting'onoting'ono tilowe m'mipata, zopepuka zomwe zingauluke muzipsinje ndi china chake. Ngati muli ndi wilibala pemphani sikipi ya chitseko chotsika, mumangolowa nayo, kusiyana n'kukwera pa thabwa loterera. Ndipo chonde abambo, zokwera pamwamba n'kumadumpha kuti zitsike zija ayi. Mkatimo muli misomali, magalasi osweka, mipata yosaoneka, mwendo umalowa mpaka m'bondo. Magolovesi ndi nsapato zolimba, osati masilipasi.

Eee mayi, funsani. Moto? Ayi ndithu, musayatse moto mu sikipi kuti zinyalala zichepe. Chitsulo chimapindika, phula la pansi limasungunuka, bilu yake ndi yanu, ndipo phulusa lotentha likakwera pa lole limakayaka panjira.

Tsono zosaloledwa. Filiji, TV, matayala, masilinda a gasi, zitini zomwe mukadali penti, oilo, mabatire, zonsezi zili ndi njira yake, zambiri amalandira ku tip, malo otayira zinyalala a khonsolo. Mabatire a lithium ndiye atisautsa zedi, a mafoni, a madrilo, a njinga zamagetsi, ngakhale timavape tija, akaphwanyika amayaka okha, ndipo moto wa m'mayadi a zinyalala wambiri ukuyambira pamenepo. Plasterboard, mabolodi aja a m'makoma ndi ku siling'i, imafuna payokha, ikasakanikirana ndi zinyalala zowola imatulutsa mpweya wa poizoni wonunkha ngati mazira owola, uzani kampani ikupatseni thumba lake. Masofa ndi mipando ya thonje kuyambira January 2023 nayonso saisakaniza chifukwa cha mankhwala omwe ali mu siponji, ndiye funsani kaye, matiresinso ambiri amalipiritsa padera. Musabise pansi poganiza kuti sitiona, ku yadi sikipi iliyonse amaikhuthula n'kusankhula, ndipo imadziwika kuti yachokera pa adiresi iti.

Pa asbestos, ulusi woopsa umene ankasakaniza m'zomangira nyumba, ndiimepo pang'ono. Dziko lino linaletseratu asbestos mu 1999, kutanthauza kuti nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 2000 itha kukhala nayo, ndipo nyumba zomwe ambirife tikukwanitsa kugula ndi zakalezo. Malata a simenti otuwa aja a pa galaja, siling'i ya maluwamaluwa ija, matailosi ena akale a pansi. Ukamaswa ndi hamala fumbi lake umalipuma osamva kanthu, matenda amadzatulukira patapita zaka 20, 30 kapena kuposa, ndipo khansa yake ilibe mankhwala ochiza. Mukakayika musaswe, musaboole, itanani oyeza atenge kachidutswa.

Za malo oikapo mwachidule. Pakhomo panu palibe chilolezo chofunika, ingoyalani matabwa pansi kuti mapeving'i asasweke. Pamsewu pamafunika chilolezo cha khonsolo pansi pa Highways Act ya 1980, kawirikawiri kampani ndi imene imakatenga, ndipo usiku pakhale nyali. Ikaikidwa musaikankhe kuisuntha, ine ndimaiika poti ndidzathe kuifikira popanda kukola mawaya a m'mwamba.

Ndiye pali maneba. Mumagona sikipi ili theka, kudzuka mwapezamo kapeti ya eni ake ndi filiji pamwamba. Kampani siifunsa kuti waponya ndani, sikipi ndi yanu. Funditsani lona madzulo, limatetezanso mvula, ndipo mukangomaliza imbani foni tidzatenge, isagone masiku.

Wina anong'ona apa kuti bwanji zotsalazo kungopatsa anyamata a vani a pa Facebook, amatchipa. Samalani. Lamulo la Environmental Protection Act la 1990 limati zinyalala za pakhomo panu muzipereke kwa munthu wovomerezeka. Akakazitaya kutchire n'kupezekamo envelopu ya dzina lanu, khonsolo imabwera kwa inu, ndipo ku England chindapusa chake chimafika £600. Mufunseni nambala ya laisensi yonyamulira zinyalala, muiyang'ane pa webusaiti ya Environment Agency, n'zaulere, ndipo akupatseni lisiti. Kapena uzani kampani yomweyo idzasinthe, timabwera ndi yopanda kanthu n'kunyamula yodzadzayo ulendo umodzi. Amene muli ku Scotland ndi ku Wales maofesi ake ndi ena, tionane pa tiyi ndikuuzeni. A tcheyamani, ngati pali mafunso ena ndilipo.